Chilango chikakhala chosalungama, munthu amvere lamulo mpaka pati?

Pa 31 Disembala 2024, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adasainira lamulo lothetsa chilango cha imfa muno mu Zimbabwe. Bilu yake idayambira kwa phungu wa Dzivarasekwa, a Edwin Mushoriwa, ndipo akaidi pafupifupi 60 amene ankadikira chingwe adamva kuti milandu yawo ibwerera kukhoti kuti akapatsidwe zilango zina. Kunyonga kudaleka kale mu 2005, koma lamulo lake lidalipobe. Ngakhale tsopano kudatsala kampata: chilangochi chingathe kubwerera pa nthawi imene boma lalengeza kuti dziko lili pangozi.

Nkhaniyi idautsa funso limene ife olankhula Chichewa kuno ku Harare timakangana nalo kawirikawiri, kaya ndi pamaliro ku Mufakose, m'kombi yopita ku Mabvuku, kapena potuluka m'tchalitchi ndi mumzikiti ku Mbare. Ngati dziko lingadzuke tsiku lina n'kunena kuti chilango chakutichakuti sichidali choyenera, nanga amene akulandira chilango chosamuyenera lero atani? Aweramitse mutu poti lamulo ndi lamulo? Akane? Athawe? Ena amayankha msanga kuti boma ndi boma. Ena amati wosalakwa alibe ngongole ndi ndende. Onsewa ali ndi mfundo, ndipo anthu akhala akulimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 2,400.

Kusalungama kwake n'kotani?

Mkangano umasokonekera chifukwa tikamati chilango chosalungama, aliyense amakhala akuganiza chake.

Pali pamene lamulo lili bwino koma khoti laphonya. Lamulo loletsa kuba palibe amalida, koma mboni ikanama, kapena woimbidwa mlandu akalephera kudzifotokoza bwino pamaso pa majisitireti, wosalakwa amakagona kundende ya Chikurubi. Apa chapotoka ndi chigamulo.

Pali pamene munthu walakwadi koma chilango chakula kuposa mlandu. Amene ali ndi abale kumafamu akudziwa za kuba ziweto. Gawo 114 la lamulo la milandu la dziko lino limati wakuba ng'ombe alandire zaka zosachepera 9 m'ndende, pokhapokha patakhala zifukwa zapadera. Aphungu adali ndi chifukwa chomveka, poti ng'ombe ndicho chuma chonse cha munthu wakumudzi: amalimira, amalowolera, amalipirira ana sukulu. Komabe mnyamata woba thole limodzi, koyamba m'moyo wake, amayambira pa zaka 9 zomwezo.

Ndiye pali pamene lamulo lenilenilo ndi lovunda. Land Apportionment Act ya 1930 idapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la nthaka ya Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndipo munthu wakuda wokhala pamalo a makolo ake ankatha kusanduka wolakwa. Ku Nyasaland kudali thangata ndi msonkho wa nyumba, zomwe zidathamangitsa agogo athu ambiri kudzafuna ntchito kuno. Pamenepa woweruza angatsate ndondomeko yonse osaphonya, chilango n'kukhalabe chopanda chilungamo.

Kumvera nakonso kuli pawiri. Kupewa chimene lamulo laletsa ndi kwina, kulola chilango chikakugwera ndi kwina. Munthu angathe kuphwanya lamulo mwadala koma osathawa ndende, ndipo kulowa m'ndende sikutanthauza kuti wavomera kuti adalakwa.

Nkhalamba imene idakana kuthawa

M'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, mzinda wa Athens ku Greece udazenga mlandu Socrates, mphunzitsi wa zaka pafupifupi 70. Ankamunena kuti salemekeza milungu ya mzindawo ndiponso akusokoneza achinyamata. Oweruza adali nzika wamba pafupifupi 500, ndipo adagamula kuti amwe chiphe. Akudikira tsiku lake, bwenzi lake lolemera, Crito, adamuyendera m'ndende m'bandakucha. Ndalama zopatsa alonda zidali zokonzeka, kothawira ku Thessaly kutapezeka kale. Plato, wophunzira wa Socrates, ndiye adalemba zokambirana zawo.

Crito sadalankhule zachibwana. Adamukumbutsa za ana ake amene asanduke amasiye. Adati anthu adzanena kuti anzake adaumira ndalama mnzawo akufa. Adatinso kukhala phee n'kuthandiza adani kumaliza chimene adayamba. Awa ndi mawu omwewo amene mayi aliyense angauze mwana wake wotsekeredwa popanda chifukwa.

Socrates adakana. Choyamba adati munthu sayenera kuchita choipa ngakhale pobwezera choipa chimene wachitiridwa. Kenaka adafunsa kuti mzinda ungaime bwanji ngati zigamulo za makhoti ake aliyense angazitaye pamene zamuwawa. Ndipo adati malamulo a Athens ndiwo adamulera: ndiwo adamanga ukwati wa makolo ake, ndiwo adamuphunzitsa, ndipo iye adakhala mumzindamo moyo wake wonse chipata chili chotseguka, osasamuka. Kukhala kumeneko kudali ngati kuvomera pangano. Ife tikadati walira mvula walira matope. Pangano lake, malinga ndi iye, lidali lakuti ukaona kuti mzinda walakwa uukope ndi mfundo, ukalephera umvere. Adaonjeza kuti omulakwira adali anthu, osati malamulo.

Pali mbali ina imene ambiri amaidumpha, ndipo kwa ine ndiyo yofunika kwambiri. Socrates yemweyu, zaka zingapo m'mbuyomo, adalamulidwa ndi gulu la olamulira ankhanza 30 kuti akagwire munthu wina dzina lake Leon wa ku Salamis kuti aphedwe. Anzake anayi adapita, iye adangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Pa mlandu wake adauzanso khoti kuti ngakhale atamumasula pomuletsa kuphunzitsa, sangaleke. Choncho sadali munthu womvera chilichonse. Adakana kuti manja ake achite choipa, koma adalola kuti choipa chimugwere. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe padali malire ake.

Si anzeru onse a ku Athens adatsata njirayi. Aristotle, wophunzira wa Plato, ataona kuti mlandu wofanana ukumubwerera, cha m'ma 323 Yesu asanabadwe, adanyamuka n'kuchoka mumzindamo.

Pangano limene ena sadafunsidwe

Taganizirani sosaite ya maliro, monga zija makolo athu adayambitsa kuno kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda abale. Membala walipitsidwa faindi chifukwa chojomba kumsonkhano, chikhalirecho adali kuchipatala ndi mwana. Faindiyo ndi yolakwika. Komabe ambiri angamulangize kuti alipire kaye n'kukadandaula pamsonkhano wotsatira, chifukwa aliyense akamalipira pokhapokha wakhutira, tsiku la zovuta bokosi silipezeka. Maganizo a Socrates ndi amenewa. Koma onani chimene chikumanga membalayu: adalowa yekha, ali ndi liwu pamsonkhano, ndipo atafuna angathe kutuluka.

Dziko silili choncho. Katswiri wa maganizo David Hume wa ku Scotland adanena mu 1748 kuti mmphawi wodya cha tsiku lomwelo, wosadziwa chilankhulo cha kwina, sitinganene kuti wasankha kukhala m'dziko lake pongoona kuti sadasamuke. Alibe kolowera.

Ife nkhani imeneyi sitiyimvera m'mabuku. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo obadwira konkuno amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adauzidwa kuti akakane unzika wa maiko amene ambiri adali asanapondeko. Ochuluka adalephera kutero pa nthawi yake. Zitupa zawo zidawatcha alendo, ndipo pa zisankho sankaloledwa kuvota. Koma msonkho ankapereka, ndipo akalakwa ankaweruzidwa ndi malamulo omwewo amene adalibe liwu powapanga. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, adabwezera unzika kwa wobadwira muno amene kholo lake lidali nzika ya dziko la SADC, ngati iye adali kukhala muno pa nthawiyo. Ngakhale zili choncho, alipo mpaka lero amene akuvutika kupeza zitupa. Munthu wotere ukamuuza kuti adavomera pangano, ali ndi chifukwa chofunsa kuti adavomera liti.

Ena amayankha kuti udindo womvera suchokera pa pangano, umachokera kwa anzathu okhala nawo. Mlendo ndi mwini mudzi onse amafuna kuti wakuba agwidwe ndiponso kuti mkangano wa nyumba uthere kukhoti osati pa zikwanje. Katswiri wa maganizo John Rawls wa ku America, polemba mu 1971, adati m'dziko limene likuyesetsa kuchita chilungamo nzika iyenera kupirira malamulo ena olakwika, popeza palibe dongosolo la anthu losaphonya. Koma adaika malire: kupirirako kusapitirire muyezo, ndipo katunduyo asamagwere gulu limodzi lomwelo nthawi zonse.

Kukana lamulo koma osathawa chilango

Pakati pa kumvera ndi kuthawa pali njira imene a zamalamulo amaitcha civil disobedience. Uku ndi kuphwanya lamulo poyera, mwamtendere, chifukwa cha chikumbumtima, uli wokonzeka kulandira chilango chake. Mohandas Gandhi adayamba kuigwiritsa ntchito ku Transvaal, ku South Africa, mu 1906 pokana lamulo lokakamiza amwenye kulembetsa ndi kuyenda ndi ziphaso, ndipo mu 1908 anthu ake adatentha ziphasozo poyera ku Johannesburg. Mu 1922 ku India adavomera mlandu woukira boma, n'kuuza woweruza kuti asankhe: atule pansi udindo ngati akuona kuti lamulolo ndi loipa, kapena amupatse chilango chokhwima ngati akuliona labwino. Adalandira zaka 6. Martin Luther King Jr., womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, ali m'ndende ku Birmingham m'dzikolo mu Epulo 1963, adalemba kuti wophwanya lamulo loipa achite poyera, mwachikondi, ndiponso molola chilango, ndipo adatsamira pa chiphunzitso cha Augustine chakuti lamulo losalungama si lamulo konse.

Kulola chilangoko kuli ndi ntchito yake. Kumasiyanitsa munthu wa chikumbumtima ndi mbala, poti mbala imabisala. Kumasonyeza kuti akukana lamulo limodzi, sakugwetsa malamulo onse. Ndipo kumaika nkhanza pambalambanda kuti anthu aione ndi maso awo. Wosankha njirayi amadziwa chimene akulowa, paja wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Otsutsa alipo mbali zonse ziwiri. Ena amati aliyense amadziona wolungama pa mlandu wake, ndipo chipatachi chikatseguka, wokana msonkho chifukwa cha dyera adzalowera pomwepo. Ena amati njirayi imagwira ntchito pokhapo pamene olamulira ali ndi manyazi ndipo anthu akutha kuona zochitika. Mfumu Rekayi Tangwena ya ku Nyanga idakana kuchoka pa malo a Gaeresi, idazengedwa mlandu, ndipo mu 1968 idapambana pa apilo. Boma la Ian Smith lidangotulutsa chilengezo china n'kutumiza zigumula kukagwetsa nyumba mu 1969, anthu n'kuthawira m'mapiri. Ku Malawi, a Orton ndi mayi Vera Chirwa adazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu losalola maloya, n'kugamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, a Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, mayi Vera adatuluka mu 1993. A Mboni za Yehova a ku Malawi komweko, atazunzidwa chifukwa chokana kugula makhadi a chipani, adathawira ku Zambia ndi Mozambique mu 1972. Nelson Mandela naye adakhala mobisala mu 1961 ndi 1962. N'kovuta kuuza anthu ngati amenewa kuti ulemu wa lamulo umafuna kuti akadzipereke okha.

Kutchalitchi mkanganowu umakhala wa mavesi. Wina amatsegula Aroma 13, pamene Paulo akulamula kuti anthu onse amvere olamulira. Wina amayankha ndi Machitidwe 5:29: "Tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu." Koma moyo wa Paulo yemweyo uli ndi njira zonse. Ku Damasiko adathawa usiku atatsitsidwa mumtanga pa linga. Ku Filipi zitseko za ndende zitatseguka ndi chivomezi sadathawe, ndipo m'mawa mwake oweruza atafuna kumutulutsa mwakachetechete adakana, nati adamukwapula poyera osamuzenga mlandu, choncho abwere okha adzamutulutse. Pamaso pa Festo adati sakana kufa ngati walakwadi, koma adachita apilo kwa Kaisara. Abale athu achisilamu nawo amaphunzitsa kumvera atsogoleri, koma osamvera cholengedwa pa chinthu chonyoza Mlengi.

Malamulo a dziko lino amati chiyani?

Pa mbali ya khoti yankho ndi losapita m'mbali. Chigamulo chimagwira ntchito mpaka khoti lapamwamba litachichotsa, ngakhale chikhale cholakwika. Kuthawa m'manja mwa apolisi kapena m'ndende ndi mlandu wina pawokha, ndipo kunyozera lamulo la khoti ndi mlandunso. Wosalakwa akathawa amadzipangira mlandu weniweni pamwamba pa wabodza uja.

Koma malamulo aakulu a 2013 amavomereza kuti boma limalakwa, ndipo adaika makomo odandaulira. Womangidwa ayenera kufika kukhoti pasanathe maola 48, ndipo womangidwa mosatsata lamulo ali ndi ufulu wa chipukuta misozi. Gawo 70 limapereka ufulu wa apilo, ndiko kupempha khoti lapamwamba kuti liunikenso chigamulo kapena chilango, komanso ufulu womasuliridwa mlandu m'chilankhulo chimene ukumva. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka pa gawo 6, choncho agogo amene Chishona ndi Chingerezi zimawapita pambali asachite manyazi kupempha womasulira. Apilo ili ndi masiku owerengeka, ndipo wochedwa amayenera kupempha kaye chilolezo. Gawo 53 limaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa, gawo 59 limalola zionetsero zamtendere, ndipo gawo 112 limapatsa Pulezidenti mphamvu yokhululukira akaidi.

Makomowa adatsegukapo ndithu. Mu 2016 Constitutional Court, khoti loona za malamulo aakuluwa, lidagamula kuti kutsekera munthu moyo wonse popanda chiyembekezo chilichonse chodzatuluka ndi nkhanza. Mu 2019 lidathetsa chilango chokwapula anyamata mwa lamulo la khoti. Ku Malawi, khoti lalikulu lidagamula mu 2007 kuti si wopha munthu aliyense ayenera kuphedwa mosayang'ana mmene zidachitikira. Mu Januwale 2017 lidathetsanso ndime ya lamulo la vakabu, pa mlandu wa bambo wogulitsa majumbo amene adagwidwa akupita ku Limbe m'bandakucha kukayamba geni yake. Bambo ameneyu sadathawe ndipo sadangovomera. Adalimbana ndi lamulolo m'khoti momwemo.

Apa ndiyenera kunena chimene chimandipweteka. Makomowa ali ndi mtengo. Mayi wogulitsa tomato akagwidwa n'kuuzidwa kuti alipire faindi kupolisi, kulipirako ndi kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu wokana n'kukaonekera kukhoti, koma tsiku lililonse lokhala pabenchi kukhoti la ku Rotten Row ndi tsiku limene ana sadya. Amalipira. Sikuti wakhutira ndi mfundo za Socrates ayi, koma kufuna chilungamo kwamukwerera mtengo kuposa faindi. Alipo mabungwe othandiza osauka pa milandu, monga Legal Aid Directorate ya boma, Legal Resources Foundation ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights, ndipo ndi bwino kuwadziwa mavuto asanafike. Koma pamene apilo ili ya okhawo okhala ndi ndalama ya loya, mfundo yakuti umvere kaye udandaule pambuyo imalemera mosiyana kwa wolemera ndi wosauka.

Nanga wopereka chilango?

Funsoli timakonda kulisenzetsa wolangidwa yekha, chikhalirecho limakhudzanso wapolisi, woweruza ndi mlonda wa ndende. Mu 1960, boma la Southern Rhodesia litabweretsa Law and Order (Maintenance) Act, lamulo lokhwima lopanikiza misonkhano ndi zionetsero za ndale, mkulu wa oweruza wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Sir Robert Tredgold, adatula pansi udindo potsutsa lamulolo. Mu Marichi 1968 boma la Smith lidanyonga amuna atatu ngakhale Mfumukazi ya ku Britain idawakhululukira, ndipo woweruza John Fieldsend adasiya ntchito chaka chomwecho. Mu 1980 adabwerera kudzakhala mkulu wa oweruza wa Zimbabwe. Oweruza ena adatsala, ponena kuti akachoka onse a chikumbumtima mipando idzatengedwa ndi oipitsitsa. Mfundo imeneyinso ndi yosapepuka.

Milandu ya ku Nuremberg ya 1945 ndi 1946, yozenga atsogoleri a Germany ya Hitler nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, idakhazikitsa kuti kunena kuti ndidangotumidwa sikuchotsa mlandu pa wochita zoopsa. Mu 1946 katswiri wa malamulo wa ku Germany, Gustav Radbruch, adayesa kuika muyezo. Adati woweruza atsate lamulo ngakhale lili ndi zolakwika, chifukwa anthu amafunika kudziwa pamene aima, kufikira pamene kusalungama kwake kwafika posapiririka. Pamenepo lamulolo lataya mphamvu. Vuto ndi lakuti posapiririka palibe chikwangwani, ndipo amene ali pampando ndi amene ali m'bokosi la woimbidwa mlandu sapaona pamodzi.

Majisitireti wa lero amene wapeza mnyamata uja wolakwa pa kuba thole ali ndi njira zochepa. Angafufuze ngati pali zifukwa zapadera, koma makhoti amazitanthauzira mopanikiza, ndipo kungokhala wosauka kapena wolakwa koyamba nthawi zambiri sikukwanira. Pakabuka funso lokhudza malamulo aakulu, gawo 175 limamulola kulitumiza ku Constitutional Court. Kupanda apo amalemba zaka 9, kaya mtima wake ukuvomera kaya ukukana. Mphamvu yosintha nambala imeneyo ili ndi aphungu ku Mount Hampden, ndipo gawo 149 limalola nzika iliyonse, ngakhalenso mlendo wokhazikika muno, kulembera Nyumba ya Malamulo pempho loti lamulo lisinthidwe kapena lichotsedwe.